Ndalama za Nyumba Zikafike Kumene Anthu Akumanga Kale

Kalembera wa chaka cha 2022 anapeza kuti mu mzinda wa Lusaka muli anthu opitirira 2 miliyoni, ndipo akatswiri a mapulani a mizinda amati mwa anthu khumi alionse, pafupifupi asanu ndi awiri amagona m'makomboni: Kanyama, Chawama, George, Kalingalinga, Mtendere, Misisi, Chipata ndi ena ambiri. Nyumba zimene anthuwa amagonamo zinamangidwa ndi eni ake okha. Pa zambiri mwa izo palibe banki kapena ofesi ya boma imene inaikapo ngakhale ngwee imodzi. Mwini wake anagula thumba la simenti mwezi uno, mabuloko mwezi wamawa, malata chaka chinacho, mpaka chipinda chimodzi chinaima, banja n'kulowamo, chachiwiri chikadali pa maziko. Choncho pamene nduna ndi mabungwe akunja akukamba zoti dziko la Zambia likuperewera nyumba pafupifupi 1.5 miliyoni, komanso zoti papezeke ndalama ndi upangiri womangira nyumba zotsika mtengo zosawononga chilengedwe, m'pofunika kuyamba tavomereza kuti mmisiri wamkulu wa mzindawu ndi munthu wa m'komboni. Ndalama ndi upangiriwo zikapanda kutsata mamangidwe ake, zidzangomanga timidzi tokongola tochepa kunja kwa tauni, makomboni n'kumakulabe monga akulira kale, pa madzi omwewo ndi pa zimbudzi zomwezo.

Makomboni ali pamene alipo chifukwa cha mbiri. Pamene likulu la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, mapulani amene anayambira kwa katswiri wa mapulani a mizinda Stanley Adshead anali a mzinda wa mitengo ndi mabwalo aakulu, wokhalamo azungu ndi akuluakulu a boma pamtunda wa kummawa. Munthu wakuda ankamuwerengera ngati mlendo wobwera kudzagwira ntchito, wodzabwerera kumudzi ntchito ikatha. Nyumba za khonsolo, monga za ku Matero zimene zinamangidwa m'zaka za m'ma 1950, zinkapita kwa amene anali pa ntchito yolembedwa. Ena onse ankachita lendi kadera pa mafamu ndi pa malo okumba miyala a azungu, n'kumangapo kanyumba ka zidina, ndipo mayina ngati George, John Howard ndi John Laing ndi otsalira a eni malo ndi makampani a nthawi imeneyo. Ufulu utabwera mu 1964, zoletsa kuyenda zinatha, anthu anakhamukira ku likulu, ndipo malo okhawo amene akanapeza anali amene opanga mapulani sanawafune: zidikha, madambo ndi maenje a miyala a kumadzulo ndi kummwera. Munthu wa ku Kanyama anasiyiridwa malo osefukira madzi, ndipo ngongole ya kusankha kumeneko ndi ya mzinda wonse.

Mawu akuti nyumba yosawononga chilengedwe anabadwira kumaiko ozizira, kumene nyumba imadya magetsi ndi gasi wambiri potenthetsa zipinda. Miyezo imene mabungwe obwereketsa ndalama amagwiritsa ntchito imatsata nkhawa yomweyo. Muyezo wa EDGE, wa bungwe la International Finance Corporation, umafuna kuti nyumba ichepetse ndi 20 peresenti magetsi, madzi ndi mpweya wa kaboni wotuluka popanga zomangira zake poyerekeza ndi nyumba wamba. Muyezowu ndi wabwino pa nyumba zosanjikizana za ku mayadi. Koma chipinda cha ku Chawama chokhala ndi babu limodzi, chimene madzi ake amabwera m'chigubu kuchokera pa mpopi wolipira, chilibe cha kuchepetsa. Kumeneko nyumba ndi chilengedwe zimakumana pansi pa nthaka. Mbali yaikulu ya kumadzulo ndi kummwera kwa Lusaka inakhala pa thanthwe la miyala ya laimu, lodzaza ming'alu ndi mapanga momwe madzi amayenda mofulumira popanda dothi lokwanira lowasefa. Dzikolo ndi lathyathyathya, madzi a mvula alibe kothawira, ndipo m'dzinja madzi a pansi amakwera mpaka kufika pafupi ndi pamwamba. Pamalo otere chimbudzi chokumba ndi chitsime chosaya zimamwa m'mtsuko umodzi. Tisaiwalenso kuti oposa theka la madzi amene mzindawu umamwa amachokera m'mijigo yokumbidwa m'thanthwe lomwelo. Otsalawo ndiwo amapopedwa kuchokera ku mtsinje wa Kafue.

Zotsatira zake anthu a ku Lusaka amazidziwa ndi maliro. Madzi osefukira a mu 1978 anagwetsa nyumba zambiri za zidina ku Kanyama, ndipo kuyambira pamenepo ndi zaka zochepa zimene kombonilo ladutsa dzinja louma mapazi. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2017 inagwira anthu oposa 5,000 n'kupha oposa 100 m'dziko lonse, ambiri mwa iwo a mu Lusaka. Mu Januwale 2018 boma linaletsa kuyenda usiku ku Kanyama ndipo asilikali anatumidwa kukayeretsa misika. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unaposa pamenepo: odwala anapitirira 20,000, akufa anapitirira 700, bwalo la masewero la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Ndalama zimene zimathera pa mliri umodzi wotere, kuphatikizapo malonda oima ndi masiku a ntchito otayika, sizilembedwa m'buku la nyumba, koma gwero lake ndi mamangidwe. N'chifukwa chake ndikuti m'makomboni a Lusaka kwacha yoyamba ya ndalama zosamalira chilengedwe iyenera kupita pa zinthu zitatu zosasangalatsa kuzijambula: chimbudzi chomangidwa ndi simenti mkati chimene chingapopedwe chikadzaza, maziko okwera kuposa pamene madzi amafika, ndi ngalande yolumikizana ndi ngalande ina mpaka kunja kwa komboni.

Tikayang'ana ndalama za nyumba zimene zilipo, timapeza kuti zinapangidwira munthu wina. Bungwe la Zambia National Building Society linakhazikitsidwa mu 1970, la National Housing Authority mu 1971, ndipo mabanki a malonda nawo amabwereketsa ndalama zogulira nyumba. Onsewa amafuna chikalata cha umwini wa malo ndi pepala la malipiro a pamwezi, ndipo chiwongoladzanja cha mabanki m'zaka zapitazi chakhala chikupitirira 20 peresenti pachaka. Mayi wogulitsa tomato ku msika wa Soweto alibe mapepala awiriwo, ndipo ngakhale akanakhala nawo, ngongole ya zaka makumi awiri pa chiwongoladzanja chotere ndi msampha. Boma nalo layesa njira zake. Ndondomeko ya nyumba ya mu 1996 inanena kuti 15 peresenti ya bajeti ya dziko izipita ku nyumba, zimene sizinachitike. Chaka chomwecho Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe motsika mtengo kwa okhalamo. Mabanja a ku Matero ndi Chilenje anapindula, ndipo palibe chifukwa chowachitira nsanje, koma khonsolo inataya lendi imene inkalandira ndipo sinamangenso zina. Ntchito ya Presidential Housing Initiative imene inatsatira inamanga nyumba zabwino kufupi ndi Chainama, zokwanitsa okhawo a malipiro okhazikika. Ngakhale lamulo la mu 2023 lolola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo za penshoni ku NAPSA, limene lathandiza ambiri kufolera nyumba, limafika kwa amene analembedwapo ntchito basi.

Otsalawo amamanga ndi chilimba (kusonkherana ndalama mosinthana), ndi magulu osunga ndi kubwereketsana ofanana ndi amene ku Malawi amati banki m'khonde, ndi lendi ya zipinda za kuseri, ndipo zikavuta amagwa m'manja mwa a kaloba, obwereketsa pa chiwongoladzanja chokwera kwambiri. Njirayi ili ndi nzeru yake: munthu samanga choposa chimene ali nacho, ndipo chaka chikaipa amangoima osalandidwa kanthu. Kuipa kwake n'kwakuti ndalama zikamabwera pang'onopang'ono, chimene chimavutika ndi chosaoneka. Maziko amakumbidwa osaya chifukwa thanthwe lili pafupi ndipo kuliswa n'kodula. Woumba mabuloko m'mbali mwa msewu amatambasula thumba limodzi la simenti kuti litulutse mabuloko ochuluka kuposa oyenera, ndipo wogula, amene akuwerenga mtengo wa buloko limodzi, sadziwa mpaka khoma litayamba kunyenyeka. Chimbudzi chimabwera pomalizira, pa kangodya kotsala, ndipo chikadzaza amachikwirira n'kukumba china pambali pake, mpaka puloti itatha. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimafuna ngongole ya nyumba yathunthu kuti chikonzeke. Chikufunika ndi ngongole yaing'ono ya chaka chimodzi kapena ziwiri, yobwera pa nthawi ya maziko kapena ya chimbudzi, pamodzi ndi munthu wodziwa ntchito woima pomwepo tsiku lothira konkire.

Zimenezi si maloto, pakuti Lusaka inaziyesapo kale, ndipo pa nthawi ina inali chitsanzo chimene maiko ena ankabwera kudzaonera. Mtendere inayamba cha m'ma 1967 ngati malo opimidwa kale, pamene boma linkapereka puloti ndi madzi, munthu n'kumanga yekha. Pulani yachiwiri ya chitukuko cha dziko, ya mu 1972, inavomereza kuti makomboni ndi chuma cha anthu choyenera kukonzedwa m'malo mogwetsedwa. Mu 1974 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Housing (Statutory and Improvement Areas) Act, limene linalola khonsolo kupereka chilolezo chokhala pamalo kwa zaka 30 ndi kumasula maderawa ku malamulo a zomangamanga otengera ku Britain. Chaka chomwecho World Bank inabwereketsa madola 20 miliyoni okonzera Chawama, George, Chaisa ndi Chipata. Mamangidwe a ntchitoyo ndi oyenera kuwakumbukira. Nyumba 25 zinkagawana mpopi umodzi. Njira za misewu zinkasankhidwa ndi atsogoleri a m'deralo akuyenda pansi limodzi ndi akatswiri, ndipo amene nyumba zawo zinagwa m'msewu ankapatsidwa mapuloti pamalo oyandikana ndi komboni lomwelo. Ngongole zinkaperekedwa ngati zomangira, simenti, malata ndi mafelemu, osati ndalama za m'manja, ndipo panali alangizi a zomangamanga oyendera mapuloti. M'zaka za m'ma 1980 ntchito yofanana nayo inachitika ku Kalingalinga mothandizidwa ndi bungwe la GTZ la ku Germany, ndi thumba la ngongole lozungulira.

Wotsutsa wodziwa mbiri adzanena msanga kuti ngongole za ntchito ya World Bank sizinabwezedwe bwino, ndipo akunena zoona. Mabanja ambiri anatsalira m'mbuyo pa ngongole ndi pa ndalama za mwezi ndi mwezi za madzi ndi misewu, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene ntchitoyo sinafalikire ku makomboni ena. Koma tiyenera kufunsa chifukwa chake. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ntchito itangoyamba, ndipo malipiro a anthu anayamba kufota. Kutolera ndalama kunadalira khonsolo yopanda mabuku olongosoka ndi atsogoleri a chipani cha UNIP, amene sakanafuna kudana ndi anthu awo pokakamiza ngongole. Zina mwa zimene anthu analonjezedwa, monga kuchotsa zinyalala, sizinkachitika mokhazikika, ndipo munthu salipira mosangalala chinthu chimene sakuchiona. Pamwamba pa zonsezi, wosalipira sankaona chomuchitikira, choncho wolipira ankaoneka wopusa. Zonsezi zikunena za wobwereketsa ndi kayendetsedwe kake. Anthu omwewo amene sankalipira khonsolo ankaponya chilimba mwezi uliwonse osaphonya, chifukwa m'chilimba ndalama ndi ya mnansi amene udzakumana naye pa mpopi mawa m'mawa.

Mfundo imeneyi ndi imene magulu a anthu osauka a m'matauni anamangapo ntchito yawo. Chitaganya cha Zambia Homeless and Poor People's Federation, chimene ambiri mwa mamembala ake ndi amayi, chimasonkhanitsa ndalama zing'onozing'ono m'magulu a m'makomboni, ndipo mothandizidwa ndi bungwe la People's Process on Housing and Poverty in Zambia chili ndi thumba lotchedwa Swalisano lobwereketsa za nyumba ndi zimbudzi. Ku Malawi anzawo ali ndi thumba la Mchenga. Matumba amenewa ndi aang'ono, ndipo kungakhale kunama kunena kuti athetsa vuto. Mphamvu yawo ndi yakuti gulu limadziwa amene angabweze ndipo lili ndi nkhope yomufunsira. Dziko la Thailand linatenga njira yomweyi n'kuiika ndalama za boma: kuyambira 2003, pulogalamu ya Baan Mankong imapereka thandizo la misewu ndi mipope ngati mphatso, ndipo ngongole ya nyumba imapita ku gulu lonse, limene limagawira mamembala ake. Ku Orangi, dera lalikulu la anthu osauka mu mzinda wa Karachi, Akhtar Hameed Khan anayamba mu 1980 ntchito imene anthu a mu kanjira kalikonse ankasonkha ndi kukumba okha mipope ya zonyansa ya m'kanjira kawo, boma n'kutsala ndi mipope ikuluikulu. Kugawana ntchito kotereku ndiko kumasowa mu Lusaka. Pakati pa 2013 ndi 2018 dziko la America, kudzera ku Millennium Challenge Corporation, linaika madola pafupifupi 355 miliyoni pa madzi, ukhondo ndi ngalande za mzindawu, kuphatikizapo ngalande ya Bombay ndi mipope ya zonyansa ya ku Mtendere. Komatu mpope wodutsa mumsewu sutulutsa chonyansa cha munthu amene alibe chimbudzi chamadzi ndi ndalama yolumikizira. Mamita ochepa a pakati pa msewu ndi khomo ndiwo amafuna ngongole yaing'ono ija, ndipo kawirikawiri ndiwo amaiwalika pa bajeti.

Upangiri nawo uyenera kusintha maonekedwe. Masiku ano upangiri wa nyumba zosawononga chilengedwe umatuluka ngati mabuku a Chingerezi ndi misonkhano ya m'mahotela, pamene amene amasankha kuya kwa maziko ndi mmisiri wa m'komboni amene anaphunzira ntchito ponyamulira mnzake matope. Ulimi unazindikira kalekale kuti mlimi safikiridwa ndi buku koma ndi mlangizi woyenda m'munda, ndipo khonsolo ya Lusaka ikufunika alangizi a zomangamanga oyenda m'mapuloti chimodzimodzi. Zoti anene si zambiri. Dera lililonse lidziwike pamene madzi amafika m'chaka cha mvula yambiri, chizindikiro chiikidwe pa khoma la sukulu kapena la tchalitchi, ndipo pansi pa nyumba yatsopano pakwere kuposa pamenepo. Oumba mabuloko ayesedwe, ndipo amene mabuloko awo ndi olimba apatsidwe chizindikiro choti ogula ndi obwereketsa azichidziwa. Chimbudzi chikhale pamene ngolo ya opopa ingafike. Ku Kanyama gulu la opopa zimbudzi la pansi pa Kanyama Water Trust lakhala likugwira ntchitoyi kuyambira 2013, koma dzenje losamangidwa mkati limagumuka akamalipopa, ndipo lodzaza nsanza ndi mapulasitiki limawadyera tsiku lonse. Mazenera ayang'anane kuti mphepo idutse pansi pa malata otentha a mu Okutobala. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la mu 2015, limene linalowa m'malo mwa la 1974, limalola mapulani a madera ang'onoang'ono opangidwa pamodzi ndi anthu, ndipo mu 2022 thumba la chitukuko la dera la phungu aliyense linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Malipiro a alangizi ochepa ndi makina oyesera mabuloko ndi kachigawo kochepa ka ndalama zimenezo.

Nkhani ya zomangira ndi imene okonda chilengedwe amaikonda kwambiri, ndipo apa ndikusiyana nawo pang'ono. N'zoona kuti kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse. N'zoonanso kuti miyala imene amayi amaswa ndi nyundo m'mbali mwa misewu ya Kalingalinga ndi Kanyama imasiya maenje amene amadzaza madzi, kubereka udzudzu ndi kumiza ana, ndipo njerwa zootcha zimadya nkhalango, chifukwa chake dziko la Malawi linaziletsa pa zomanga za boma ndi zamalonda mu 2018. Mabuloko a dothi lotsinidwa ndi makina, osakaniza simenti pang'ono, amachepetsa zonsezi, ndipo pulogalamu ya Zambia Green Jobs ya bungwe la ILO inamanga nyumba zachitsanzo zoonetsa njira zotere. Koma munthu amene makolo ake anaona nyumba ya zidina ikusungunuka m'madzi a 1978 ali ndi chifukwa chomveka chokayikira khoma la dothi, ndipo kwa iye buloko la simenti ndi umboni woti wafika m'tauni kudzakhala. Kumuuza kuti abwerere ku dothi pamene nyumba za omulangizawo ndi za konkire n'kumunyoza. Komanso pa thanthwe la Kanyama dothi loyenera ndi losowa, liyenera kubwera pa lole. Njira yoona ndi yakuti zipatala, makalasi ndi misika yomangidwa ndi ndalama za boma ziyambe ndizo kugwiritsa ntchito mabulokowa pamwamba pa maziko a konkire, anthu aone okha patapita madzinja asanu kuti khoma lili chiimire, ndipo amisiri akhale ataphunzirapo ntchito. Za kuphika ndingonena mwachidule: chilala cha 2024, pamene madzi a mu damu la Kariba anatsika ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, chinabwezera ngakhale a ku mayadi pa mbaula, ndipo palibe pulani ya nyumba imene ingachotse makala m'komboni gasi ndi magetsi zisanatsike mtengo.

Ena amati zonsezi n'kutaya ndalama pa malo amene anthu sayenera kukhalapo n'komwe, ndipo kuli bwino kumanga midzi yatsopano pamtunda wouma n'kusamutsa anthu. Maganizo amenewa amabwera dzinja lililonse madzi akasefukira. Amaiwala chimene chimasunga anthu ku Kanyama, Chibolya ndi Misisi: munthu amayenda wapansi kupita ku msika wa Soweto, ku mafakitale ndi pakati pa tauni. Mukamuika makilomita makumi awiri kunja kwa mzinda, ndalama ya minibasi imadya chimene ankadyetsa ana, ndipo posakhalitsa amagulitsa pulotiyo n'kubwerera kukachita lendi kumene anachoka. Chilengedwe nachonso sichipindula, chifukwa mtunda wouma wozungulira Lusaka ndiwo umamwetsa madzi a pansi pa nthaka. Mkangano wa nkhalango ya Forest 27, kummawa kwa mzinda, kumene mbali zina zinachotsedwa chitetezo n'kugawidwa mapuloti a nyumba pamalo pamene mtsinje wa Chalimbana umayambira, unaonetsa kuti amene amawononga magwero a madzi si osauka okha. Komabe wotsutsayu ali ndi gawo la choonadi. Pali nyumba zimene zinamangidwa m'njira yeniyeni ya madzi, m'mphepete mwa maenje a miyala, kapena pafupi kwambiri ndi mijigo ya kampani ya madzi, nthawi zambiri pa mapuloti ogulitsidwa ndi makada a zipani amene analibe ulamuliro uliwonse pa malowo. Zimenezo ziyenera kuchoka, ngalande idutse. Koma ndi zochepa poyerekeza ndi komboni lonse, ndipo njira ya m'ma 1970 yopezera eni ake malo pafupi ndi pamene anali idakali yanzeru kuposa kuwatayira kutali.

Chitsutso chovuta kwambiri ndi cha alendi. M'makomboni ambiri a Lusaka anthu ochuluka sakhala m'nyumba zawo. Amachita lendi chipinda chimodzi kapena ziwiri kuseri kwa mwini puloti. Ngongole ya maziko ndi chimbudzi imapita kwa mwini puloti, ndipo dera likakonzeka lendi imakwera. Kalingalinga ndi umboni: ili pakati pa University of Zambia ndi madera a anthu olemera, ndipo kuyambira pamene inakonzedwa n'kulandira mapepala, mapuloti a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata akhala akugulidwa ndi amalonda, eni ake akale n'kusamukira kutali. Yankho lathunthu pa vutoli palibe, ndipo amene amati alipo akugulitsa chinachake. Koma kusiya komboni m'matope kuti lendi isakwere ndiko kulipiritsa mlendi ndi thanzi la ana ake. Choyamba chimene chingachepetse vutoli ndi kukula kwa ntchito: komboni limodzi likakonzedwa lokha, limasanduka malo osiririka ndipo olemera amalilanda, koma khumi akakonzedwa nthawi imodzi, palibe limene limakwera mtengo mopambanitsa. Chachiwiri, eni mapuloti ambiri si anthu olemera, ena ndi amayi amasiye ndi opuma pa ntchito amene lendi ndiyo penshoni yawo, ndipo ngongole yowathandiza kuwonjezera zipinda zabwino, ngakhale kukweza nyumba yosanjikiza kamodzi pamene maziko alola, imachulukitsa zipinda pamsika. Thandizo laulere la chimbudzi likhoza kubwera ndi lamulo loti chimbudzicho chikhale chotsegukira onse okhala pa pulotiyo, chifukwa si zachilendo kupeza chimbudzi chabwino chili ndi loko, kiyi ali kwa mwini nyumba.

Tsono ndalamazo zichokere kuti? Zilipo zambiri zimene zimatchedwa za nyengo: thumba la Green Climate Fund, mabanki a chitukuko, ndi ngongole za pamsika zosamalira chilengedwe, zimene ku Zambia zinayamba ndi kampani ya CEC Renewables mu 2023 pomanga malo opangira magetsi a dzuwa. Boma lili ndi unduna woona za chuma chosamalira chilengedwe kuyambira 2021. Vuto n'lakuti ndalama zimenezi zimayenda m'mitolo ya madola mamiliyoni ambiri, zimakonda ntchito imodzi yaikulu yokhala ndi mwini mmodzi, ndipo zimabwera m'madola. Dziko limene linalephera kulipira ngongole zake zakunja mu 2020, ndipo kwacha yake imagwa ndi kudzuka, silingasenzetse mayi wa ku George chiopsezo cha mtengo wa dola. Payenera kukhala thumba la pakati, la mzinda, lolandira ndalama zazikuluzo n'kuzigawa m'makwacha, ndipo lisiyanitse bwino mitundu iwiri ya ndalama. Ngalande, mipope ikuluikulu, malo otayira zopopedwa m'zimbudzi ndi gawo lina la mtengo wa chimbudzi chomangidwa bwino zikhale thandizo losabweza, chifukwa wopindula ndi aliyense womwa madzi a m'thanthwe lija, wa ku dera la olemera la Kabulonga yemwe. Zipinda, denga ndi pulasitala zikhale ngongole, yodutsa m'magulu osunga ndalama ndi m'mabungwe obwereketsa pang'onopang'ono, ndipo chilolezo cha zaka 30 chija chilandiridwe ngati umboni wokwanira wa malo, popeza kudikira kuti aliyense apeze chikalata cha zaka 99 kungatenge m'badwo. Pa bodi ya thumba loterolo pakhale khonsolo, kampani ya madzi ndi nthumwi za magulu a m'makomboni zokhala ndi voti yeniyeni, ndipo mndandanda wa amene alandira ndi amene abweza uzimatidwa poyera pa ofesi ya wadi iliyonse, chifukwa chimene chinafooketsa ngongole za m'ma 1970 chidakalipo: chisankho chikayandikira, pamapezeka wandale wouza anthu kuti ndalama za boma sabweza.